Kompyuta yakale ikuchedwa? Chepetsani Windows nokha, musamangotola ma Tiny a pa intaneti

Amene ali ndi ma laputopu akale a RAM ya 1GB kapena 2GB amauzidwa kawirikawiri kuti ingoikani Tiny7 kapena TinyXP, ma Windows 7 ndi XP ochepetsedwa opezeka pa intaneti, iwuluka. Zoona amathamanga, chifukwa wina anachotsamo katundu wambiri, ma driver, zilankhulo, magemu, ma service oyenda mobisa aja. Koma si a Microsoft anawapanga ayi, ndi anthu wamba, ndipo ISO (fayilo yoikira Windows) imene mwaitenga pa torrent kapena pa flash ya mnzanu simudziwa kuti yadutsa m'manja mwa angati, ena amaikamo ma virus akuba ma password. Bola mupange yanu, sizovuta kwenikweni.

Pezani kaye ISO yeniyeni ya Windows 7 ndi key yanu (nambala ya layisensi ya Windows), pa ma laputopu ambiri akale imakhala pa sitika kunsi kwake kapena mukachotsa batire. RAM ikakhala 2GB kapena yochepera, tengani ya 32-bit. Kenako pa kompyuta ina yoyenda bwino ikani NTLite, pulogalamu yochepetsera Windows, ilipo yaulere ngakhale siilola kuchotsa zonse. Ngati ndi XP pulogalamu yake ndi nLite, wopanga ndi mmodzi yemweyo, Dino Nuhagic.

Koperani mafayilo a mu ISO ija mu foda, muitsegule mu NTLite, mupite pa Components. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, amangochotsa chilichonse poti akufuna ichepe kwambiri. Chotsani zilankhulo ndi ma keyboard omwe simugwiritsa ntchito, magemu, Media Center, nyimbo ndi zithunzi za chitsanzo zija, basi. Musakhudze Print Spooler (yoyendetsa kupulinta), Windows Installer, .NET, za USB ndi za network. Makamaka inu a ma shopu otayipa ma CV ndi kupulinta, mukachotsa Print Spooler printer siigwiranso ndipo kubwezeretsa chinthu chochotsedwa motere nkovuta zedi, nthawi zambiri mumangoyambiranso. Ma Tiny a pa intaneti vuto lawo ndi lomweli, lero ikuthamanga mawa Office yakana kulowa.

Dawunilodanitu ma driver a WiFi ndi network a laputopu yanuyo muwalowetse pa Drivers, kuti mukamaliza musasowe pogwira. Pa Apply musankhe Create ISO kuti ikupangireni ISO yatsopano. Iyeseni kaye mu VirtualBox, pulogalamu yoyesera Windows mkati mwa kompyuta ina, ikalowa bwinobwino ndiye muiike pa flash ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus, mmenemo musankhe MBR chifukwa makina akale amayendera BIOS, dongosolo lakale loyatsira kompyuta. Zithunzi ndi ma document anu sungani kwina musanayambe, format imafufuta zonse.

Koma chonde mvetsani ichi. Microsoft inasiya kutumiza ma update a XP mu April 2014, a Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Chrome pa Windows 7 inathera pa version 109. Virus ya WannaCry ya 2017 ija inagwira kwambiri makina a Windows 7 opanda ma update. Ndiye makina amenewa akhale otayipira, kupulintira ndi kumverera nyimbo, za ku banki kapena email ya kuntchito ayi ndithu. Ngati mukufuna intaneti tsiku ndi tsiku ikani Linux yopepuka ngati antiX, imene ikadali ndi 32-bit, ndipo mukapeza kandalama gulani ka SSD kakang'ono (disk yamakono yothamanga) muike m'malo mwa hard disk yakaleyo, liwiro lake limaposa lomwe mungapeze pochotsa ma component.