Momwe mungasankhire lenzi imodzi yojambulira vidiyo kamera ili m'manja

Achinyamata ambiri amene akuyamba kujambula mavidiyo a pa YouTube, TikTok ndi Facebook amathamangira kugula kamera, za lenzi nkudzaziganizira ndalama zitatsala pang'ono. Akafunsa anzawo, ambiri amawauza kuti agule 50mm f/1.8, poti ndi yotchipa ndipo imachititsa kuti kumbuyo kwa munthu kuzioneka mbuu, iye yekha nkumaoneka bwino. Lenzi imeneyi ndi yabwinodi pojambula chithunzi cha mkwatibwi. Koma kwa munthu wofuna kudzijambula yekha akuyenda, kamera ili m'dzanja, imeneyo ndi ndalama yotayika. Mukatambasula mkono, nkhope yokha sikwanamo, ndipo phazi lililonse limene mwaponda limaonekera pa vidiyo. Tsatirani masitepe awa musanatulutse ndalama.

1. Dziwani kaye kamera imene muli nayo

Pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Choyamba ndi pakamwa pa kamera, pamene lenzi imamangidwa. Sony ili ndi E, Nikon yatsopano ili ndi Z, Fujifilm ili ndi X, pomwe Canon ili ndi mitundu ingapo: EF ndi EF-S ya makamera akale aja a DSLR, EF-M ya M50 ndi anzake, komanso RF ndi RF-S ya makamera atsopano. Lenzi ya EF kapena EF-S imalowa pa kamera ya RF mukaika adaputa. Ya EF-M siyilowa pa RF ngakhale mutatani, choncho ngati muli ndi M50 ndipo mukuganiza zodzasintha kamera, musawonongerepo ndalama zambiri.

Chachiwiri ndi kukula kwa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi kuchokera ku lenzi. Makamera ambiri amene oyamba kumene amakwanitsa kugula, monga Sony ZV-E10 ndi a6400, Canon R50 ndi 250D, kapena Nikon Z30, ali ndi sensa ya APS-C, yocheperapo poyerekeza ndi ya full frame. Sensa yaing'ono imaona pakati pokha pa chithunzi chimene lenzi yabweretsa. Kuti mudziwe mmene lenzi izionera pa kamera yanu, chulukitsani nambala yake ya mm ndi 1.5 ngati ndi Sony, Nikon kapena Fujifilm, ndi 1.6 ngati ndi Canon, ndi 2 ngati ndi Micro Four Thirds ya Panasonic kapena Olympus. Apa mpamene muone vuto la 50mm ija: pa Canon ya APS-C imakhala ngati 80mm, lenzi yojambulira munthu ali chapatali.

2. Yang'anani nambala yaing'ono, osati yaikulu

Ogulitsa amakonda kutamanda lenzi kuti imakoka zinthu zakutali. Wodzijambula yekha alibe nazo ntchito zimenezo. Mkono wanu ndi waufupi, sufika ndi mita imodzi yomwe, ndiye chofunika nchakuti lenzi itambasuke mokwanira kuti mulowe mutu, mapewa ndi malo amene muli. Woonera akufuna aone kuti muli mumsika wa Limbe kapena pa Chingwe's Hole, osati mphuno yanu yokha.

Nambala ya mm ikachepa, lenzi imatambasuka kwambiri. Mutachulukitsa monga tanenera, nambala yoyambira, yaing'ono ija pa dzina la lenzi, isapitirire 24mm, ndipo ikakhala pakati pa 16mm ndi 20mm ndiye bwino kwambiri. Lenzi imene imabwera ndi ZV-E10, ya 16-50mm, imayambira pa 24mm, yomwe ndi malire penipeni. Ya 18-45mm imene imabwera ndi Canon R50 imayambira pafupifupi pa 29mm, ndipo ambiri amaiona kuti ndi yothina akamadzijambula.

Chimene anthu ambiri sadziwa mpaka atagula nchakuti kamera imadulanso chithunzi kachiwiri mukayamba kujambula vidiyo. Mukatsegula Active SteadyShot pa ZV-E10, kapena Movie Digital IS pa Canon, kamera imadya m'mbali monse mwa chithunzi kuti ipeze mpata wokonzera kugwedezeka. Lenzi yomwe imaoneka yotambasuka pojambula chithunzi imapezeka yathina. Makamera ena amadulanso mukasankha 4K. M50 imadula kwambiri, ndipo pa 4K fokasi yake imachedwa poyerekeza ndi pa 1080p. Nchifukwa chake ine ndimati pa APS-C, lenzi yodzijambulira iyambire pa 10mm, 11mm kapena 12mm. Ikhoza kuoneka yotambasuka mopitirira muyeso mukangoimanga, koma kamera ikadula mudzapeza kuti yakwana ndendende.

Chenjezo limodzi: pa 10mm, chilichonse chimene chili m'mphepete mwa chithunzi chimakokeka nkutalika. Nkhope yanu ikhale pakati, ndipo mukamajambula ndi mnzanu musamuike kumapeto kwenikweni.

3. Funsani kuti chothetsa kugwedezeka chili kuti

Apa mpamene pagona nkhani yonse ya kujambula kamera ili m'manja. Kugwedezeka kumathetsedwa m'njira zitatu: magalasi oyenda m'kati mwa lenzi, sensa yoyenda m'kati mwa kamera yomwe amaitcha IBIS, kapena njira yodula chithunzi ija. Ziwiri zoyambazo sizikudyerani chithunzi.

ZV-E10, a6400, R50 ndi Z30 onse alibe IBIS. Sony a6600 ndi a6700 ali nayo. Ngati kamera yanu ilibe, lenzi ndiyo iyenera kugwira ntchito imeneyi, ndipo mumaidziwa ndi zilembo za pa dzina lake: IS kwa Canon, OSS kwa Sony, VR kwa Nikon, VC kwa Tamron, OS kwa Sigma, OIS kwa Fujifilm ndi Panasonic. Zilembozi zikasowa, ndiye kuti mulibe. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa, werengani pa lenzi penipeni.

Kutambasuka kwa lenzi nakonso kumabisa kugwedezeka. Dzanja lomwelo limene likunjenjemeretsa chithunzi pa 50mm silionekera kwenikweni pa 11mm. Koma musayembekezere zozizwitsa. Palibe lenzi imene ingalowe m'malo mwa gimbal, chogwirira cha mota chimene chimakhazikitsa kamera, ngati mukuthamanga. Gwirani kamera ndi kandodo kapena katripod kakang'ono, pindani mawondo pang'ono, pondani ndi chidendene mofewa. Mayendedwe abwino amathandiza kuposa mmene anthu amaganizira.

4. Kenako ganizirani za kuwala

Nambala ya f ikakhala yaing'ono, lenzi imalowetsa kuwala kochuluka. Ya f/2.8 imalowetsa kuwala kochuluka kanayi kuposa ya f/5.6. Lenzi yolembedwa f/3.5-5.6 imasintha mukamachita zumu, chithunzi nkumada pamene mukukoka, pomwe yolembedwa nambala imodzi, monga f/2.8 kapena f/4, sisintha.

Dzifunseni moona mtima kuti mumajambulira kuti. Ngati ndi panja masana, f/4 ngakhale f/5.6 ikukwanirani. Ngati ndi m'tchalitchi, m'holo ya ukwati madzulo, kapena m'nyumba ya babu limodzi, f/2.8 kapena f/1.8 ikupulumutsani ku timadontho tija timene timadzaza chithunzi ISO ikakwera, ndiko kuti kamera ikamawalitsa chithunzi mokakamiza chifukwa cha mdima.

Dzuwa lathu lili ndi vuto lakelake. Vidiyo imaoneka bwino mukajambula mafelemu 25 pa sekondi, shata (nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa felemu iliyonse) ili pa 1/50 ya sekondi, ndipo manambala amenewa amagwirizana ndi magetsi athu a 50Hz, kotero mababu sathwanima pa vidiyo. Koma 1/50 masana a mwezi wa October chithunzi chimayera mbee. Mankhwala ake ndi fyuluta ya ND, makamaka yotembenuza ija, imene imachepetsa kuwala. Ikani mtengo wake pa bajeti, ndipo onani kukula kwa kutsogolo kwa lenzi, komwe kumalembedwa ndi chizindikiro cha ⌀, musanaigule.

5. Inyamuleni, muimverenso

Lenzi ya theka la kilogalamu siimveka kulemera ili pa tebulo. Itambasuleni pa mkono kwa mphindi zisanu mukulankhula, mumva. Onaninso fokasi. Malenzi akale ena amalira akamasaka nkhope, ndipo maikolofoni ya pa kamera imatola phokosolo. A Canon olembedwa STM ndi ambiri a makamera atsopano amayenda mwakachetechete.

6. Sankhani malinga ndi ntchito imene mumagwira kwambiri

Ngati nthawi zambiri mumadzijambula nokha, eni Canon R50 ali ndi RF-S 10-18mm IS STM, yopepuka magalamu 150 okha. Amene ali ndi DSLR ya Canon ali ndi EF-S 10-18mm IS STM, yomwe inatuluka mu 2014 ndipo imapezeka yogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wabwino. A Nikon Z30 ali ndi 12-28mm PZ VR, imene imafika patali pang'ono kuposa zinzake. Kwa Sony pali E PZ 10-20mm f/4 ndi E 11mm f/1.8, zonse za mu 2022, koma zonse zilibe OSS, ndiye pa ZV-E10 mudalira kudula kuja. Yakale ya 10-18mm f/4 ili nayo OSS, musaiderere chifukwa cha zaka.

Ngati mumajambula kwambiri anthu ena, zinkhoswe, makwaya, zokambirana, nkumadzijambula mwa apo ndi apo, nkhani imasintha. Sigma 18-50mm f/2.8 ndi yopepuka, pafupifupi magalamu 290, koma ilibe chothetsa kugwedezeka, choncho imayenera kamera ya IBIS. Tamron 17-70mm f/2.8 ili ndi VC ndipo imakufikitsani kuguwa muli pa benchi ya kumbuyo, koma imalemera magalamu 525 ndipo podzijambula ndi yothina. Pa kamera ya Sony yopanda IBIS, kwa munthu amene vidiyo ndi ganyu yomudyetsa, ine ndingatenge Tamron, podzijambula nkumagwiritsa ntchito kandodo kotalikitsa mkono.

Ndipo ngati ndalama sizinakwane, musachite manyazi ndi lenzi imene inabwera ndi kamera. Ya 16-50mm, kaya ya Sony kaya ya Nikon, ili ndi chothetsa kugwedezeka, ndi yopepuka, ndipo masana imagwira ntchito bwinobwino. Ijambulireni kwa kanthawi, muone nambala imene mumakhalapo kawirikawiri ndi pamene ikukukanikani. Zimenezo ndi zimene zikuuzeni lenzi yotsatira.

7. Mukamagula yogwiritsidwa kale ntchito, iyeseni pa kamera yanu

Malenzi ambiri amatifika kuchokera ku South Africa kapena ku UK atadutsa kale m'manja mwa ena. Pitani ndi kamera yanu ndi memori khadi. Chotsani zivundikiro zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni kumbuyo kwa lenzi, muyang'ane kutsogolo. Tifumbi tochepa si vuto. Koma mukaona timizere toyera tofalikira ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, ibwezeni, chifukwa imafalikira ndipo imadya galasi. Tembenuzani zumu kuchokera koyambira mpaka kumapeto, isagwire penapake. Kenako jambulani vidiyo yeniyeni: tambasulani mkono, yendani mukulankhula, bweretsani dzanja pafupi ndi lenzi nkulichotsa kuti muone ngati fokasi ikubwerera pankhope msanga. Muionere ndi mahedifoni kuti mumve ngati mota ikulira.

Mukafika nayo kunyumba, musaisunge m'chikwama cha nsalu nyengo yonse ya dzinja, makamaka inu a kunyanja monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay kumene chinyontho chimachuluka. Ikani m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitisintha tikanyowa. M'chilimwe, fumbi likachuluka, musasinthire lenzi pamphepo. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto, zimitsani kamera, muiweramitse pakamwa pake payang'ane pansi, kenako musinthe.