Momwe mungayendere chilumba cha São Miguel n'kudya chakudya chophikidwa ndi nthaka

São Miguel ndi chilumba chachikulu kwambiri pa zilumba 9 za Azores, zomwe ndi mbali ya dziko la Portugal, pakati pa nyanja ya Atlantic. Chilumbachi chinapangidwa ndi mapiri ophulika, ndipo moto wa pansipo sunazime. Ku Furnas, mudzi wa pachilumbachi, anthu amakwirira miphika m'nthaka, nthakayo n'kuwaphikira. Ngati muli ndi tsiku limodzi loyenda ndi woperekeza alendo, mphika umenewu ndiwo ukuuzeni nthawi yonyamuka ndi njira yodzera.

Yambani ndi mapepala. Azores ili m'dera la Schengen, choncho wa pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Mozambique ayenera kupeza visa ya Schengen. Ndege yochokera ku Lisbon imafika ku Ponta Delgada, mzinda waukulu wa pachilumbachi, m'maola awiri ndi pang'ono. Ndalama ndi yuro, chilankhulo ndi Chipwitikizi, moti abale athu a ku Angónia ndi ku Tete sangasowe chonena.

Kenaka sankhani ulendo. Makampani ambiri amachigawa chilumbachi pawiri: kumadzulo kuli Sete Cidades, kum'mawa kuli Furnas. Musalole kuti akuthamangitseni mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, chifukwa mudzangoonera zinthu pawindo la galimoto. Tengani wa kum'mawa, ndipo musanalipire funsani zinthu ziwiri: kodi pa nyanja ya Furnas tikafika isanakwane 12 koloko masana, kuti tikaone miphika ikufukulidwa? Nanga chakudya cha masana ndi cozido, chophikidwa m'nthaka chija? Akayankha mozungulira, funani ena.

Nyamulani jekete ya mvula ngakhale kutacha bwino. Nyengo ya kumeneko ili ngati chiperoni cha ku Thyolo, dzuwa pano, nkhungu posachedwa. Tenganinso nsapato zolimba, thawulo ndi chovala chosambira chakale chakuda.

Mukafika m'mphepete mwa nyanjayo, fungo ndilo liyambe kukulonjerani, longa la mazira owola. Matope akubwata, nthunzi ikufuka m'ming'alu. Amene anafikapo pa akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota angaganize kuti akudziwa, koma pano madzi ena amachita kuwira ngati a nsima. Phiri la Furnas linaphulika komaliza mu 1630, ndipo mudzi wonse uli mkati mwa chigwa chake. Yendani pa matabwa omwe anayala, mwana mumugwire dzanja.

Tsono imani pafupi ndi timilu tadothi tomwe pamwamba pake pali zikwangwani za malo odyera. Pansi pa kamulu kalikonse pali dzenje, m'dzenjemo muli mphika waukulu womwe anautsitsamo m'bandakucha. Amuna awiri amabwera ndi khasu, amapalasa dothi, amavundukula chotsekera chathabwa, n'kukola mphikawo ndi ndowe zachitsulo zazitali. Umatuluka ukufuka, atauvindikira molimba, utakhala pansipo maola pafupifupi 6 kapena 7. Samathiramo madzi. Nyama ya ng'ombe, ya nkhumba ndi ya nkhuku, soseji ya chouriço ndi ya magazi yotchedwa morcela, kabichi, karoti, mbatata, mbatatesi ndi koko, zonse zimapsa ndi msuzi wake womwe. N'chifukwa chake kabichi wake amamveka nyama mpaka mkati, ndipo nyamayo imachoka pafupa ndi supuni chabe. Ine ndimati chokoma koposa m'mbalemo ndi koko, amene wayamwa msuzi wonse. Ngati simudya nkhumba kapena magazi, muuzeni woperekezayo dzulo lake, chifukwa mu mphika wamba zonse zimaphikidwira pamodzi ndipo sangazilekanitse patebulo. Chakudya cham'mawa mudye chochepa.

Mukakhuta, yendani pang'ono m'mudzimo. M'nyengo yotentha mupeza chimanga chachiwisi chophikidwa m'matumba omizidwa m'kasupe wowira. Gulaninso bolo lêvedo, kabuledi kaphwatalala kotsekemera pang'ono, kodziwika ndi Furnas.

Madzulo ndi osamba ku Terra Nostra, paki ya ku Furnas komweko. Dziwe lake ndi lofunda, madigiri 35 mpaka 40, ndipo madzi ake ndi ofiirira ngati a mtsinje wa dzinja chifukwa cha chitsulo chosungunuka. Si litsiro ayi, koma chovala choyera sichibwereranso mwakale.

Pobwerera pemphani kudzera kumpoto, ku Gorreana, kumene akhala akukonza tiyi kuyambira 1883. Mizere ya tiyi yotsetserekera kunyanja ikukumbutsani ku Mulanje, ndipo mutha kulowa m'fakitale kukaona makina akale akugwirabe ntchito ndi kulawa kapu ya tiyi.

Tsiku lachiwiri likapezeka, lipatseni Sete Cidades, chigwa cha phiri momwe muli nyanja ziwiri zogundana, ina yobiriwira ina yabuluu. Pa malo oonera a Vista do Rei nkhungu ikhoza kubisa zonse, choncho woperekezayo ayambe waona makamera a pa intaneti oonetsa nyengo musanakwere. Kukatsekeka, sinthani ndondomeko: pitani kaye ku Fajã de Baixo, kumene nanazi amalimidwa m'nyumba zagalasi kwa zaka pafupifupi ziwiri ndipo amamufukiza utsi kuti achite maluwa nthawi imodzi, kenaka mukwere phirilo nkhungu ikayera.