Ana asewere, koma wamkulu akhalepo: malangizo kwa makolo, aphunzitsi ndi makomiti a sukulu

Makolo ambiri akaona mwana wabwera mbuu ndi fumbi, malaya atang'ambika, amati mpira ukumuwononga. Ena amaganiza kuti bola mwana ali ku bwalo, ndiye kuti khalidwe likuwongoka lokha. Onsewa akuphonya. Thupi limapinduladi mwana akangothamanga, koma khalidwe silibwera ndi chikulunga. Pa bwalo lopanda woyang'anira ana amaphunzirapo kutukwana, kubetcha ndalama ndi kupondereza ang'onoang'ono. Bwalo lomwelo likakhala ndi wamkulu wodziwa chochita, amaphunzirapo kudikira nthawi yawo, kumvera wenzulo ndi kugonja osamenya mnzawo. Malangizo awa ndi a munthu wamkuluyo, kaya ndi mphunzitsi, kholo, wa m'komiti kapena mnyamata wodalirika amene mudzi wamusankha.

Zimene thupi limafuna

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa sabata zikhale zamphamvu, zolimbitsanso minofu ndi mafupa. Sikofunika kuti mphindizi zikwane nthawi imodzi. Mungadziwe kuti mwana wafika pa mlingo woyenera akamapuma mofulumira, thukuta likutuluka, koma akutha kuyankha mukamufunsa.

Pali funso limene limabwera kawirikawiri kumudzi: mwana amene amayenda mtunda wautali kupita ku sukulu, kutunga madzi ndi kupalira, akufunanso masewero? Inde, ngakhale kuti ntchitozo zimamulimbitsa. Kusenza ndowa kumagwiritsa ntchito minofu yomweyomweyo tsiku ndi tsiku. Kudumpha jingo, kuzinda mpira pa fulaye, kuthamanga ndi kutembenuka mwadzidzidzi pa chipako kumagwedeza mafupa m'njira zosiyanasiyana, ndipo fupa limakhwima likamagwedezeka chonchi, makamaka pa zaka zimene mwana akusinkhuka. Kumaphunzitsanso diso, dzanja ndi phazi kugwirizana. M'tauni vuto ndi lina: ana a ku Area 25 kapena ku Chilomoni ena amaweruka n'kukhala pa foni kapena pa wailesi yakanema mpaka mdima, akudya zokazinga ndi zakumwa zotsekemera. Kunenepa kwa paubwana kumatsegulira njira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadzakula. Mwana amene wasewera mokwanira amagonanso bwino, ndipo wa msinkhu wa pulayimale amafunika tulo ta maola 9 kapena kuposerapo.

Kukonza bwalo ndi zipangizo

Musanaitane ana, yendani bwalo lonse mutayalana ngati mukufuna singano. Tolani magalasi osweka, misomali, zitini, mawaya ndi minga. Zulani zitsa, kwirirani maenje ndi mauna, salazani chulu chimene chayamba kumera. Ana athu ambiri amasewera opanda nsapato, ndiye chilonda cha ku phazi ndicho ngozi yoyamba. Kuyenderaku kuzichitika sabata iliyonse, ndipo anawo ndiwo azichita: n'chiyambi chophunzira kusamala chinthu cha gulu.

Bwalo la akuluakulu si la ana. Mukaika ana 22 a Sitandade 3 pa bwalo lonse ndi mpira umodzi, atatu amphamvu ndiwo amaugwira, ena onse amangothamangira fumbi. Ligaweni. Kwa ana osakwana zaka 9, bwalo la mamita pafupifupi 35 m'litali ndi 25 m'lifupi, asanu mbali iliyonse, n'lokwanira. Kwa a zaka 9 mpaka 12, mamita 55 ndi 35, asanu ndi awiri mbali iliyonse. Ngati mulibe tepi, sitepe imodzi yaikulu ya munthu wamkulu muiwerenge ngati mita. Malire ikani mabotolo apulasitiki othiramo mchenga, osati njerwa kapena miyala. Mitengo ya pagolo ikumbiridwe mozama ndi kutsenderedwa, ndipo mtanda wapamwamba umangidwe zolimba, chifukwa ana amakonda kulendewerapo.

Mpira wogula wa akuluakulu ndi wa saizi 5, ndipo umalemera kwa mwana wamng'ono. Saizi 3 ndi ya osakwana zaka 8 kapena 9, saizi 4 mpaka zaka 12 kapena 13. Popanda ndalama, chikulunga chomangidwa bwino n'chabwino ndithu, ndipo zikulunga khumi zimaphunzitsa kuposa mpira wogula umodzi, chifukwa mwana aliyense amaugwira kambirimbiri. Ana aang'ono musawaphunzitse kumenya mpira ndi mutu. Ku America bungwe la mpira linaletsa zimenezi kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi mu 2015 pofuna kuteteza ubongo.

Bwalo la mpira wamanja limatalika mamita 30.5, m'lifupi 15.25, ndipo mkombero umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi. Kwa atsikana ndi anyamata a makalasi oyambirira, tsitsani mkombero ufike cha pa mamita awiri ndi theka. Mwana akaponya kakhumi osamwetsa, mawa sabweranso.

Ola limodzi ligawidwe bwanji

Mphindi 10 zoyambirira ndi zotenthetsa thupi: kuthamanga pang'onopang'ono, kudumphadumpha, kuzunguza mikono, kenako chipako. Musayambe ndi kukoka minofu thupi lili lozizira. Mphindi 15 zotsatira phunzitsani luso limodzi lokha, monga kupatsirana ndi mkati mwa phazi kapena kuwakha ndi manja awiri, ana ali awiriawiri kapena atatuatatu. Pewani mzere wautali wa ana odikira kumenya kamodzi. Pa mzere m'pamene pamayambira kukankhana. Mphindi 25 zikhale za masewero enieni, ndi kupuma pakati kuti amwe madzi. Mphindi 10 zomaliza ayende pang'onopang'ono, atolere zipangizo, kenako akhale pansi mozungulira mukambirane.

Nthawi yabwino ndi kuyambira cha m'ma 3:30 masana dzuwa litapepa, n'kuweruka kusanade kuti aliyense akafike kwawo kukuoneka. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, chedwetsani kuyamba ndipo fupikitsani nthawi. Katatu pa sabata n'kokwanira; masiku enawo asiyeni asewere zawo okha.

Pamene khalidwe limaumbidwa

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa m'pamene mabwalo ambiri amalephera. Tsiku loyamba, anawo apange nanu malamulo, asapitirire asanu, ndipo akhale oti mwana angawanene pamtima: kufika nthawi yake, kusatukwana, kusamenyana, kuima wenzulo ikalira, kupatsana moni wa m'manja pomaliza. Lamulo limene mwana wapanga nawo amalisunga ndipo amakumbutsa anzake.

Wolakwa atuluke akakhale pambali mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako mumufunse chimene wachita, apepese kwa amene wamulakwira, abwerere. Musamukwapule, musamunyoze pamaso pa anzake, ndiponso musamulange pomuthamangitsa kuzungulira bwalo. Mukatero mukumuphunzitsa kuti kuthamanga ndi chilango, pamene ife tikufuna akukonde moyo wake wonse. Ndipo lamulo likhale limodzi kwa onse. Katswiri womwetsa zigoli akatukwana inu n'kuyang'ana kumbali chifukwa mawa kuli mpikisano, ana onse aona, ndipo aphunzira kuti waluso sakhudzidwa ndi lamulo. Zimenezi zimawononga kuposa kugonja ndi zigoli zisanu.

Ntchito zizisinthana sabata ndi sabata: wotsogolera timu, wosunga mipira, wotunga madzi, wowerenga maina, woyimbira. Kupatsa mwana wa zaka 11 wenzulo n'kothandiza kwambiri. Akaweruza yekha n'kumva anzake akudandaula, amazindikira kuti woyimbira naye ndi munthu ndipo amaleka kukangana naye. Mwana wamanyazi amene salankhula m'kalasi nthawi zambiri amatseguka pakamwa akapatsidwa udindo wotere.

Magulu gawani nokha, powerenga 1, 2, 3, 4. Mukasiya akatswiri awiri kuti azisankha, mwana yemweyo amatsala pomaliza tsiku lililonse, ndipo ululu umenewo saiwala. Aliyense amene wabwera asewere osachepera theka la nthawi. Poyamikira tchulani chimene mwana wachita: "Wabwerera kudzathandiza kumbuyo ngakhale unatopa," kapena "Wamudzutsa mnzako atagwa." Pa kukambirana komaliza funsani mafunso awiri okha: chayenda bwino n'chiyani, ndipo tikonze chiyani Lachitatu? Timu ikagonja musalole kuloza chala goloboyi.

Pali zizolowezi zitatu zimene akuluakulu timalowetsa tokha. Choyamba ndi kubera zaka: kulowetsa mnyamata wa ndevu mu timu ya ana osakwana zaka 14. Kumavulaza ang'onoang'ono, ndipo kumaphunzitsa timu yonse kunama mphunzitsi akuona. Chachiwiri ndi kubetcha. Mpira wa ana wosonkherana ndalama kuti wopambana atenge zonse umathera ndewu, ndipo ena amayamba kutola ndalama kunyumba. Chachitatu ndi zithumwa ndi zokwirira pagolo, zimene zimachotsa mtima wa mwana pa kulimbikira. Makolo oonerera nawonso auzidwe poyera kuti kukuwiza woyimbira kapena kunyoza ana a mudzi wina sikuloledwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za sukulu gwirizanani ndi makolo: wojomba m'kalasi m'mawa sasewera masana. Lamuloli limakoka ana ambiri kubwerera ku sukulu, koma lisamagwiritsidwe ntchito polanga mwana amene amabwera tsiku lililonse koma mayeso akumuvuta.

Atsikana ndi ana ena otsalira

Anyamata akaweruka amathamangira ku bwalo, atsikana kumtondo ndi kuchigayo. Komiti ndi gulu la amayi a pa sukulu akambirane ndi makolo kuti ntchito zapakhomo zigawidwe, mtsikana naye apeze ola lake. Dziko lino ladziwika kunja chifukwa cha atsikana: timu ya Malawi Queens inagonjetsa New Zealand pa masewero a Commonwealth mu 2018, Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja mu 2015, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga, ochokera ku Rumphi, akusewera mpira wamiyendo m'matimu akuluakulu akunja. Komabe mwana asalonjezedwe kuti mpira udzamulemeretsa; ofika kumeneko ndi ochepa kwambiri.

Msambo si chifukwa chosiyira masewero. Mtsikana atha kusewera ngati akumva bwino, bola pakhale chimbudzi chotseka, madzi ndi mayi womuthandiza. Timu ya atsikana ikhale ndi mayi wamkulu nthawi zonse, makamaka pa ulendo, ndipo mphunzitsi asakhale yekha ndi mwana m'nyumba kapena kumuitanira kwawo. Mwana wolumala apatsidwe malo enieni mu masewero posintha malamulo pang'ono, osati kumangosunga nsapato za anzake. Mwana wachialubino asewere madzulo kapena pamthunzi, atavala chipewa chachikulu ndi malaya aatali manja, atadzola mafuta oteteza ku dzuwa.

Madzi, chakudya ndi ngozi

Mwana wa njala samva wenzulo. Amene wangomwa phala la ku sukulu m'mawa adye kaye kenakake, mbatata, nthochi, chinangwa chophika kapena mtedza, ola limodzi asanayambe. Nsima yokhuta ifunika maola awiri. Madzi akhale a pa mjigo kapena othira kolorini, m'ndowa ya mpopi, osati yoviikamo kapu imodzi onse. Kolera wa 2022 ndi 2023 anationetsa kuopsa kwake. Kukatentha amwe mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Mkodzo wachikasu kwambiri ndi chizindikiro choti madzi achepa m'thupi. Akaweruka asakasambe m'dambo kapena m'madzi odikha, kuopa likodzo.

Mwana akabinya phazi, ambiri amathamangira kumukoka ndi kumuthowa ndi madzi otentha. Izi zimawonjezera kutupa. Mupumitseni, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15, mangani bandeji osathinitsa, phazi likwezedwe pamwamba. Kuthowa kudikire padutse masiku awiri. Ngati sakutha kuponda, kapena chiwalo chapindika, musayese kuwongola: chirikizani ndi kathabwa ndi nsalu, mupite naye ku chipatala. Chilonda tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, osathirapo dothi kapena phulusa. Chakuya kapena cha msomali chikaonedwe ku chipatala chifukwa cha kafumbata.

Wagunda mutu n'kuchita chizungulire, kusanza, kusokonezeka kapena kukomoka ngakhale pang'ono, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale alire, ndipo akaonedwe ndi dokotala. Wotentha thupi asasewere. Akayezetse malungo, amalize mankhwala, ayambirenso pang'onopang'ono mphamvu zikabwerera. Wa mphumu abwere ndi mankhwala ake opumira ndipo atenthetse thupi nthawi yotalikirapo. Wa khunyu atha kusewera. Akagwa muchotsereni zomuvulaza, musamuike kanthu m'kamwa, kugwedezeka kukatha mumugoneke cham'mbali. Mwana amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kukomoka akathamanga asiye kaye mpaka achipatala amupime.

M'dzinja, mukangomva kugunda kwa bingu imitsani masewero. Ana alowe m'kalasi, osati kubisala pansi pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa bwalo, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza musanawatulutsenso. Woyang'anira asunge kope lolembamo dzina la mwana aliyense, zaka zake, matenda amene ali nawo ndi nambala ya foni ya kholo kapena womulera, ndipo kopelo lizibwera ku bwalo pamodzi ndi wenzulo, sopo ndi mabandeji awiri.