Mnzanu ali pantchito, inu muli pakhomo ndi ulumali: momwe mungapezere thandizo lanu

Kuno ku Chawama, mu Lusaka, timapemphera ndi mayi wina wogulitsa m'sitolo m'tauni. Amuna awo anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga, ntchito yaudalaivala n'kuthera pomwepo. Zaka ziwiri anangokhala pakhonde ndi ndodo zawo, osapita ku ofesi iliyonse, chifukwa munthu wina anawauza pamaliro kuti mkazi akamalandira kumapeto kwa mwezi, mwamuna sangapatsidwe kanthu. Nkhaniyi imandiwawa, chifukwa pa thandizo lonse lomwe ndilembe pano, ndi limodzi lokha lomwe amayang'ana chuma cha pakhomo.

Yambani ndi dokotala. Pitani kuchipatala cha boma akakupimeni ndi kulemba pepala lotsimikiza ulumali wanu. Mutenge pepalalo pamodzi ndi reji yanu, mukalembetse ku ZAPD, bungwe lomwe lamulo la 2012 loteteza anthu aulumali linalipatsa ntchito yolemba mayina ndi kupereka makhadi. Pepala lililonse mulichite fotokope katatu, lenilenilo lizikhala m'pulasitiki kunyumba.

Kachiwiri, yang'anani pa payslip ya mnzanuyo. Mupeza kuti mwezi ndi mwezi amadulidwa 1 peresenti ya NHIMA, inshuwalansi ya boma yolipirira chithandizo cha kuchipatala, abwana n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina. Ndalamayo si ya iye yekha. Membala amaloledwa kulembetsa anthu okwana 6 a m'banja mwake, ndipo mkazi kapena mwamuna ali m'gulumo. Akulembetseni sabata ino, musadikire kuti matenda akule. Apa ntchito ya mnzanuyo ndi imene ikukutsegulirani chitseko.

Kachitatu, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama zawo: NAPSA, bungwe la boma la penshoni ya anthu apantchito. Ngati munagwirapo ntchito yolembedwa ulumali usanabwere, munkadulidwa 5 peresenti, abwana ankaikanso 5. Pali penshoni ya munthu amene sangathenso kugwira ntchito, ndipo simudikira kuti mukalambe. Imafuna kuti mukhale mutasonkha miyezi 180, kapena miyezi yosachepera 60 pomwe 12 mwa iyo ili m'zaka zitatu zomaliza ulumali usanakugwereni. Ngati miyezi yanu siyikwana, amakupatsani ndalama ya kamodzi. Madokotala awo amayamba akupimani. Malipiro a mkazi wanu salowamo konse, ili ndi thukuta lanu. Pemphani sitetimenti muwerenge mwezi umodziumodzi, chifukwa alipo mabwana ena omwe ankadula koma osatumiza. Mukapeza mipata, nenani pomwepo, ndipo mapayslip akale aja omwe ali m'sutikesi adzakuyankhulirani. Ngati munavulalira pantchito, nkhani yanu ipitenso ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lopereka chipukuta misozi kwa ovulala pantchito.

Tsopano Social Cash Transfer, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osauka, yomwe inayambira ku Kalomo mu 2003 ndipo imayendetsedwa ndi a Social Welfare. Nyumba yomwe muli munthu wolumala kwambiri imalandira zochulukirapo kuposa nyumba zina. Koma ndisakunamizeni: apa amaona banja lonse. Amafunsa kuti mwakhala nthawi yaitali bwanji m'komboni momwemo, amaona nyumba, katundu ndi momwe mukudyera. Ngati mnzanu ali ndi ntchito yamalipiro abwino, akhoza kukukanani. Ngati ndi mlonda kapena wantchito wa m'nyumba amene ndalama yake imathera ku lendi ndi thumba la ufa, musadzikane nokha. Funsani kwa anansi kuti a CWAC, komiti yothandiza a Social Welfare kupeza mabanja ovutika m'dera lanu, ndi ndani, muwaonetse khadi ndi pepala la dokotala, ndipo akabwera kudzaona pakhomo muyankhe zoona zokhazokha. Kulembetsa n'kwaulere; wina akakuuzani kuti mum'patse ya drinki kuti dzina lanu lilowe, kanenani ku ofesi ya Social Welfare.

Amene manja ndi mutu zikugwira, afunsenso kwa a Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wadi mwawo, za ndalama zoyambira bizinesi zochokera ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera.

Bambo aja anayamba ndi NAPSA. Akazi awo anapempha tsiku limodzi kuntchito, anabwereka njinga ya olumala kutchalitchi, m'mamawa n'kukwera basi ndi sutikesi ya mapayslip pamiyendo.