Mmene Mungalowere ku Koleji ya Luso la Manja ku Zomba

Wachinyamata wa ku Zomba amene akufuna kuphunzira ntchito za manja ayambe ndi kutsatira zilengezo za bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito za manja m'Malawi, m'nyuzipepala ndi pa intaneti, chifukwa ndilo limasankha ophunzira olowa m'makoleji aboma monga Nasawa Technical College, ya m'boma lomwe lino. Konzeranitu satifiketi ya MSCE ndi chiphaso chaunzika, ndipo muchititse mafotokope ake msanga tsiku lotseka kalembera lisanayandikire.

Polemba fomu, sankhani luso mosamala. Pali zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, kukonza galimoto ndi kusoka zovala. Ndikulangizani kuti mukacheze kaye kwa mmisiri wa lusolo, muone manja ake ndi zida zake, mumufunse ngati ntchito imapezeka chaka chonse, chifukwa ambiri amasankha potengera anzawo kenako n'kusiyira panjira.

Osankhidwa ndi TEVETA amalipira fizi yotsika, popeza maphunzirowa amathandizidwa ndi msonkho umene olemba anthu ntchito amapereka. Komabe sungani ndalama za ovololo, nsapato zolimba ndi thiransipoti ya nthawi imene mudzatumizidwe kukaphunzira ntchito kukampani.