Momwe mungakonzekerere intaviyu m'mabungwe othandiza anthu pamavuto

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg tili ndi mapepala komanso luso lomwe mabungwe othandiza anthu amalifuna. Mabungwewo sali patali: MSF (bungwe la madokotala othandiza pa ngozi) ili ndi ofesi mumzinda muno, likulu la ActionAid lili momwemuno, ndipo UNHCR (loona za othawa kwawo), IOM (loona za anthu osamuka) ndi ICRC (Red Cross ya padziko lonse) ali ku Pretoria, kongokwera Gautrain pa Park Station. Chomwe chimatigwetsa kawirikawiri ndi mtundu wa intaviyu yawo. Nthawi zambiri safunsa zomwe mungachite mutalembedwa ntchito. Amafunsa zomwe munachitapo kale, poganiza kuti mmene munachitira dzulo ndi mmene mudzachitire mawa.

Yambani ndi chikalata cholengeza ntchitoyo, kaya munachiona pa ReliefWeb (tsamba la pa intaneti lolengeza ntchito za mabungwe otere) kapena pa tsamba la bungwelo. Mmenemo amalembamo makhalidwe omwe akufuna, monga kugwira ntchito ndi anzanu, kukonza mapulani, kulankhula momveka, kupirira zinthu zikathina. Mafunso adzachokera pomwepo. Lembani khalidwe lililonse pa tsamba lakelake m'kope.

Kenako, pansi pa khalidwe lililonse, lembani nkhani imodzi kapena ziwiri zomwe zinakuchitikiranidi. Apa ndi pofunika kukhalitsapo, ngakhale masiku angapo. Musapeputse zomwe munachita. Ngati munathandiza kugawa ufa pa kampu namondwe wa Freddy atawononga ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023, imeneyo ndi nkhani. Ngati munali pachipatala nthawi ya kolera mu 2022, kapena munaphunzitsako ana ku Dzaleka, kapenanso munali msungichuma wa gulu lotumiza maliro kumudzi, zonsezo zili ndi ntchito.

Nkhani iliyonse muiyale m'magawo anayi, njira yomwe amaitcha STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wanu unali wotani, inuyo munachita chiyani, ndipo zinatha bwanji. Magawo awiri oyambawo muwadutse mwachangu. Nthawi yambiri ithere pa lachitatu.

Pa gawo lachitatuli ndi pomwe ndikufuna mundimvetse bwino, achimwene ndi achemwali. Tinaleredwa kuti kudzitchula ndi kudzitama, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ndiye tikafunsidwa timangoti "tinakambirana, tinagwirizana, tinagawa". Wofunsayo ali ndi pepala lopatsira malikisi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi inu. Mukangoti "tina-, tina-", alibe choti alembe. Tiyerekeze akufunsani za nthawi yomwe munathetsa mkangano. Nenani kuti: "Mayina a mabanja ena anasowa pa kaundula, anthu n'kuyamba kukwiya. Ndinaimitsa kaye kugawa, ndinaitana a mfumu ndi a komiti, ndinayerekeza kaundula wathu ndi wa mudzi, n'kupeza mabanja omwe anadumphidwa. Onse analandira tsiku lomwelo." Anzanu mwawatchula, ulemu mwaupereka, koma dzanja lanu laoneka. Pamenepa fumbi ndiwe mwini.

Konzekeraninso funso la zomwe zinakukanikani. Limabwera kawirikawiri, ndipo kuyankha kuti simunalakwitsepo n'kudzigwetsa nokha. Sankhani cholakwa chenicheni, chivomereni osaloza wina chala, n'kunena zomwe munasintha pambuyo pake.

Dziwaninso mfundo zinayi za ntchito yothandiza anthu pamavuto: umunthu, kusakondera pothandiza, kusatenga mbali pa mikangano, ndi kuima paokha osalamulidwa ndi andale kapena asilikali. Angakufunseninso chomwe mungachite mutaona mnzanu akunyengerera mayi kuti agone naye posinthana ndi thandizo. Yankho lake ndi kukanena kudzera m'njira zomwe bungwe linakhazikitsa, mosachedwa. Si nkhani yokambirana kuseri, ngakhale wolakwayo akhale wakwanu.

Mukatero, yeserani mokweza mawu m'Chingerezi, mnzanu akukufunsani ndi kukuwerengerani nthawi. Yankho limodzi lisapitirire mphindi zitatu. Musaloweze ngati ndakatulo, chifukwa akakudulani ndi funso lina mudzasokonekera.

Ma intaviyu ambiri masiku ano amachitikira pa Teams kapena Zoom. Tchajani laputopu ndi foni, gulani data yapadera poopa magetsi, ndipo ngati mumakhala ambiri m'chipinda chimodzi, pemphani malo abata kwa mnzanu kapena kutchalitchi. Ofunsa amakhala atatu kapena kuposerapo, ndipo nthawi zambiri maso awo amakhala pa pepala. Asakuopseni, akulemba zomwe mukunena. Funso mukapanda kulimva, pemphani alibwereze.

Mapepala akhale pafupi. Ntchito zolembera anthu a m'dziko muno zimafuna chilolezo chogwirira ntchito ku South Africa, ndipo masatifiketi a kumudzi angafunike kuti ayambe aunikidwa ndi SAQA (bungwe la boma la South Africa lounika masatifiketi a maphunziro), zomwe zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa oitanidwa, ameneyo ndi wakuba. Mabungwe a United Nations salipiritsa kalikonse polemba anthu ntchito.