Musanagule njinga yamoto, onani kaye ma cc

Ngati mukufuna njinga yamoto yopitira kuntchito, musathamangire kulipira musanaone kukula kwa injini yake, komwe amayeza m'ma cc. Laisensi ya A1 imakulolani kuyendetsa njinga yosaposa 125cc basi. Zambiri zomwe anyamata a kabaza akuyendetsa, monga Boxer 150, zimaposa pamenepo, ndiye zimafuna laisensi ya A. Ine ndinatsala pang'ono kulembetsa A1 pomwe njinga yomwe mtima unagwa nayo inali ya 150cc. Ndikanalipira kawiri ku Road Traffic.

Lembetsani A kamodzin'kamodzi, ngakhale panopa mukugula ya 125cc. A imakwanira ndi njinga zazing'ono zomwe, ndipo tsiku lomwe mudzafune yokulirapo simudzakaimanso pamzere.

Pogula, makamaka njinga yakale, gwadani muwerenge nambala ya chasisi yomwe inadindidwa pakhosi pa felemu, mmunsi mwa chiwongolero. Pukutani fumbi ndi chala, chifukwa manambala ena amabisala m'girisi. Kenako muifananize ndi yomwe ili pa blue book, chikalata cha umwini wa njingayo. Ikasiyana ngakhale nambala imodzi yokha, kapena wogulitsa akayamba zoti mapepala a MRA abwera mawa, bwezerani ndalama zanu m'thumba muzipita. Njinga yolowa m'dziko mozemba msonkho imavuta kulembetsa, ndipo ikagwidwa pa rodibuloko wolira ndinu, osati wakugulitsaniyo.

Funsaninso amakaniko a m'dera lanu kuti ndi mtundu uti womwe masipeya ake sasowa. Tcheni ndi mabuleki sizichedwa kutha m'misewu yathu yafumbiyi.